Disiki Imene Anaiwamba ku Makhanga

Pa ntchito yangayi ndagwirapo zonyansa zambiri. Ndinatsegulapo laputopu ya mphunzitsi wina n'kupezamo mphemvu zitaswana mpaka zidzukulu. Ndinalandirapo foni yoti mwini wake waivuula m'chimbudzi, iye n'kundipatsira m'manja bwinobwino, kudzaulula ine nditaigwira kale. Zonsezo ndinapirira. Koma chimene anandibweretsera a Geresomo Lachitatu lina mu Juni, abale inu, mpaka lero ndikachikumbuka ndimafuna polavulira.

Dzina langa ndine Ireen. Ndili ndi kashopu kokonzera makompyuta ndi mafoni pa Bangula, kuseri kwa msika. Anthu amati ndine wapakamwa. Anene. Kompyuta yawo ikafa amabwerabe.

M'mawa umenewo linayamba kulowa ndi fungo, eni ake pambuyo. Nditadzutsa mutu ndinaona bambo wina wamfupi, atavala tisheti yosuluka ya pulojekiti, thumba lili paphewa, ntchentche zikumuperekeza. Kumbuyo kwake kunali mayi wamtali woonda, miyendo itatuwa ndi matope ouma a padoko.

"Odi, madamu. Ndinu a Ireen?"

"Ndine. Koma nsomba sindigula pano, bambo. Msika mwaupitirira."

"Si nsomba, madamu," anatero akuseka. "Ine ndine Geresomo, mlembi wa bungwe la alimi ndi asodzi ku Makhanga. Awa ndi mayi Otilia, membala wathu. M'thumbamu muli seva."

Seva ya mtundu umenewu ndimaidziwa. Ndi kabokosi kokula ngati mabuledi awiri, kamakhala pakona mu ofesi, makompyuta onse n'kumasunga mafayilo awo mmenemo kudzera pa waya. M'kati mwake mumakhala madisiki awiri. Anthu a mapulojekiti amakonda kusiya timabokosi totere, pulojekiti ikatha n'kunyamuka osamuonetsa munthu ngakhale pozimitsira. Timakhala toyera. Koma chimene anakhutula patebulo langa a Geresomo chinali chofiirira mpaka kuda, chonona, chikunyezimira mafuta, mamba a mphende atamatirira m'mbali.

"Yatani imeneyi?" ndinafunsa nditagwira mphuno.

"Madzi a mu Malichi aja, madamu. Analowa mu ofesi mpaka m'mawindo. Titapalasa mwadiya n'kubwererako tinaipeza itakwiririka m'matope. Ndiye ine ndinaitsuka."

"Munaitsuka kuti?"

"Mumtsinje. Bwinobwino, ndi sopo."

Ndinatseka maso. "Pitirizani."

"Tsono dzuwa kunalibe sabata yonse. Mayi akunyumba anali akuwamba nsomba, moto uli kale. Ndinati chonyowa chimauma ndi moto. Ndinaiika pathandala pamodzi ndi milamba. Masiku awiri okha. Ndinkaitembenuza."

"Munkaitembenuza!"

"Kuti iume mbali zonse, madamu."

Mayo ine. Munthu wamkulu wa ndevu zake, mlembi wa bungwe, kuwamba seva ngati ndiwo! Ndipo ankanena monyadira, akudikira kuti ndimuyamikire.

"Itauma ndinailumikiza ku sola," anapitiriza. "Inangolira kamodzi n'kutulutsa kautsi. Ndiye ndinaisunga m'thumbamu kuti isalowe fumbi."

Miyezi itatu m'thumba la nsomba zouma. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwauze anyamule chinthu chawocho akachitaye m'Shire, pamene mayi aja, amene nthawi yonseyi anangoima pakhomo, anasendera n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"Mwanangu, ndimvereni ine," anatero. Chichewa chawo chinali cha kutsidya, chosakaniza ndi Chisena. "Amuna anga, a Augustine, anamwalira chaka chatha. Anandisiyira ana atatu, wamkulu ndi Rosa, ndi dimba limodzi la m'mphepete mwa Ruo. Madzi ataphwa, mchenga unali utakwirira zonse, nthochi za m'malire nkhabe, chitsa nkhabe, palibe chinatsala. Ine ndinapita n'kukalima. Chimanga chafika m'chiuno pano. Ndiye a Gilbert, amene dimba lawo linali kumtunda kwa lathu, akuti ndalima mwawo. Komiti ya malo ikhala Lachisanu, mkuja. Akandilanda, chimanga chonsecho akolola ndi iwo, ine ndi ana tilibe kwina. Nyumba inapita ndi madzi, tikugonabe m'tenti."

"Nanga seva ikukhudzana bwanji ndi dimba?"

Anayankha a Geresomo. Zaka zitatu zapitazo anthu a pulojekiti anayeza madimba onse a mamembala, oposa mazana atatu. Dimba lililonse analijambula mapu ndi kamakina ka GPS, komanso anajambula kanema mwini wake akuyenda m'malire, oyandikana nawo ali pomwepo ngati mboni. Mapepala onse anasungunuka m'madzi. Makompyuta awiri a mu ofesi sanapezeke n'komwe. Chotsala chinali chowambachi.

"Ine ndikufuna kanema uja," anatero mayi Otilia. "Bambo ake a Rosa anayankhula mmenemo, a Gilbert ataima pambali pawo."

Ndinapumira m'mwamba. Ndinavala magulovesi, n'kumanga kansalu kumphuno, n'kutenga sikuludiraiva.

Chivundikiro chitangotseguka, tizilombo takuda tija timadya nsomba zouma tinabalalika patebulo ponse, tina kugwera pamiyendo panga. Ndinadumpha n'kukuwa. M'kati munali matope ouma osakanikirana ndi mafuta a mlamba, makoko a mphutsi ali mbwee, fani itagwidwa ndi zinthu zimene sindinafune kudziwa dzina lake. Pakona panali kachule kouma gwa, miyendo itatambasuka. Kanawambidwira limodzi. Ndinathamangira panja n'kulavula mpaka misozi. Amayi ogulitsa tomato anandifunsa ngati ndili ndi pakati.

Nditabwerera ndinayang'anitsitsa. Malo a madisiki anali awiri, koma disiki inalimo imodzi.

"Bambo Geresomo, inzake ili kuti?"

Anakanda m'mutu. "Aa, imeneyo ndi nkhani ina, madamu."

"Ndili ndi nthawi. Ikambeni."

"Amene anadzaika sevayi anatiuza kuti madisiki awiriwa amasunga zofanana ndendende. Chimene chili uku chilinso uku. Ndiye ine ndinaona kuti inayo ikungokhala. Mlamu wanga Rodgers ali ndi vidiyo sho pa Bangula pompano, ankavutika posunga mafilimu. Ndinam'bwereka."

"Liti?"

"Chaka chatha chija... ayi, dzana lake."

Ndinaika sikuludiraiva pansi mwaulemu, chifukwa ndikanakhala nayo m'manja sindikudziwa chimene chikanachitika.

"Bambo, mukudziwa chifukwa chake amaika awiri? Kuti ina ikafa inzake itsale. Inu muli ndi maso awiri, onse amaona zofanana. Bwanji simunam'bwereke limodzi mlamu wanuyo? Nyamukani. Mukaitenge pompano, ndipo asaigwiregwire."

Anatuluka akung'ung'udza kuti atsikana a masiku ano sukulu inawaononga. Ndinamva, koma ndinalibe malovu oti ndiwataye pa iwo.

Ndinatsala ndi mayi Otilia. Ndinasolola disiki ija n'kuyamba kuipukuta ndi sipiriti ndi mswachi wakale. Thonje lililonse linkabwera lakuda ngati lapukuta mphika. Pansi pa disiki pamakhala kabolodi kobiriwira, kamene kamailamula kuti izungulire ndi kuwerenga. Kameneka kanali katapsa pakona, malo amene panatulukira kautsi ka a Geresomo. Za m'kati mwenimweni, mmene muli timbale tosunga mafayilo, sindikanatha kuona. Simutsegulidwa m'shopu ya fumbi ngati yanga. Ndinangoigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu. Simunamveke madzi.

"Ichira?" anafunsa mayi aja.

"Kuchira ayi, mayi. Ikadzuka, idzuka kanthawi kochepa. Koma mwina inzakeyo ili ndi zonse."

"Takhuta, mwanangu."

"Musathokoze msanga."

Ankandiyang'ana manja ndikupukuta. Kenako anayamba kundiuza za chimanga chawo, osafunsidwa. Mbewu anachita kupempha kwa mbale wawo ku Ndamera. Anabzala okha ndi Rosa, mwana wawo woyamba, khasu limodzi kumalandizana. Pakati pa mizere anaikamo nyemba ndi maungu. Anati dothi limene madzi anasiya chaka chino ndi lakuda bii, loti ukaponya njere usiku m'mawa yamera. Pokamba za chimangacho nkhope yawo inkasintha, ankaoneka wamng'ono. Ine ndinkangoti "eya, eya," maso ali pa kabolodi.

A Geresomo anabwera patatha ola, thukuta lili kamukamu, disiki ili m'thumba la buluku ngati mtedza. Anati a Rodgers akwiya chifukwa masana ano kuli filimu ya nkhondo. Ndinailumikiza ku laputopu yanga. Asa! Inali yodzaza mpaka pakamwa: mafilimu, mpira, nyimbo za kwaya, ndi zina zoti sindingazitchule pamaso pa mayi Otilia, zimene ndinatseka msanga nkhope ikundiyaka. Ndinayendetsa pulogalamu yofufuzira zofufutidwa. Mphindi makumi anayi. Inavuula mafilimu akale amene anafufutidwa kuti alowe atsopano, pansi pake mafilimu enanso. Za madimba, ngakhale fayilo imodzi. Zaka ziwiri akulemba n'kufufuta, akulemba n'kufufuta. Madzi akatayika saoleka.

"Palibe," ndinatero. "Madimba a anthu mazana atatu munawasinthanitsa ndi karate."

A Geresomo anayang'ana kudenga.

Chabwino chimodzi chinalipo. Madisiki awiriwa anali amapasa, mtundu umodzi, kukula kumodzi. Kabolodi ka disiki ya mafilimu kanali kamoyo. Ndinakamasula. Koma sungangosinthanitsa basi, pali kachipu kakang'ono ngati njere ya mpunga, ka miyendo isanu ndi itatu, kamene kamadziwa disiki yakeyake yokha. Ndinakamatula pa bolodi yopsa ija ndi mpweya wotentha. Kutentha kuja kunadzutsa mafuta a nsomba, shopu yonse inanunkha ngati ndili kukhitchini kwa a Geresomo. Ndinapirira, mano ndakukuta, n'kukamata pa bolodi yamoyo. Manja anga pa zimenezi sanjenjemera, ndipo ndikunena mosadzichepetsa, kuyambira Nchalo mpaka Nsanje palibe wina akanachita.

"Nanga mafilimu a mlamu wanga?" anafunsa a Geresomo.

Ndinangowapatsa msana n'kupitiriza ntchito.

Cha m'ma wani koloko ndinamanga kabolodi ku disiki yowamba ija, n'kuiika patsogolo pa fani, n'kulumikiza. Tonse atatu tinatchera khutu. Poyamba zii. Kenako kanamveka kamawu kozungulira, kakukwera pang'onopang'ono. Kenako *tye... tye... tye*. Kulira kumeneko ndimakudziwa. Ndi kadzanja kowerengera kakugunda ndi kukanda timbale m'kati. Disiki ikamatero ndiye kuti ikudzidya yokha, mphindi iliyonse ikupala zimene yasunga.

Koma pa sikirini panatuluka mayina. MAPU. MAKANEMA. MALIPOTI. Ndi foda ina yolembedwa GERESOMO NYIMBO, imene ndinaiyang'ana n'kuwayang'ana eni ake.

"Yadzuka!" anakuwa a Geresomo. "Mwaona? Moto uja unathandiza."

"Khalani chete, bambo. Musagunde tebulo, musapume pafupi."

Apa m'pamene pali nkhani yanga, ndipo sindiikometsa. Pa ntchito yathu pali lamulo limene ndinaphunzira kusukulu ndipo lakhala likundipulumutsa: disiki ikamafa, yamba ndi tinthu ting'onoting'ono tofunika, zazikulu pambuyo. Mapu ndi tinthu topepuka. Makanema ndi zimphona, mmodzi yekha amalemera kuposa mapu onse kuwaphatikiza. Sindinaganize kawiri. Ndinaloza pa MAPU.

Mayi Otilia anali atadzuka, ataima kumbuyo kwanga. Kuwerenga sadziwa, koma anaona kuti chala changa chasankha.

"Mwayamba ndi kanema, mwanangu?"

"Ndayamba ndi mapu, mayi. Kanema abwera."

"Iyayi, yambani ndi kanema. Mapuwo asiyeni. Mawu a bambo ake a Rosa ndi amene ndadzera."

"Mayi, komiti sikhala kuti ionere filimu. Ikufuna manambala. Mapu sanama."

"N'zoona zimenezo," analowererapo a Geresomo. "Komiti ya masiku ano ndi ya mapepala."

Zinandinyansa kuti ine ndi munthu wowamba seva tikugwirizana, koma sindinasinthe. Mayi aja anandigwira paphewa, dzanja lokhakhala ngati khungwa.

"Mwanangu, chonde. Mmenemo anati..."

"Mayi!" ndinakalipa. "Kuyambira m'mawa ndikununkhiza zoola chifukwa cha inu. Pano wokonza ndine. Khalani pansi, mukundisokoneza."

Anachotsa dzanja. Anabwerera pamalo pawo paja n'kukhala, manja pamiyendo. Sindinawafunse kuti malemuwo anati chiyani. Funso la mawu atatu, sindinafunse.

Mapu analibe mayina, anali ndi manambala okha, ndipo a Geresomo, mlembi wathu wamkulu, nambala ya mayi Otilia sankaikumbuka. Ndiye ndinakopera onse, pamodzi ndi kaundula wa mayina. Disiki inkawerenga, n'kuima, *tye, tye*, n'kuyambiranso. Zimene pa disiki yamoyo zikanatenga mphindi imodzi zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Fayilo yomaliza italowa ndinatsegula kaundula. Augustine, dimba nambala 147. Gilbert, 148.

Ndinathamangira ku MAKANEMA, n'kupeza 147, n'kuyamba kukopera. Kamzere kanayamba kuyenda. Kanayenda pang'ono, n'kuima. Kanayendanso. Kenako disiki inalira kulira kwina, kokweeka, ngati munthu akukoka khasu pa simenti. Inalira kawiri n'kukhala chete.

Ndinazimitsa, n'kudikira kuti izizire, n'kuyatsanso. Zii. Ndinasintha waya. Ndinaitembenuza chagada, chammbali. Ndinaipempha ndi pakamwa. Kasanu konse. Sinazungulirenso.

"Yapita," ndinatero.

Kachidutswa ka kanema kamene kanalowa ndinakatsegula. Kamera inali italoza pansi, wojambula asanakonzeke. Panaoneka udzu, mapazi awiri m'mapatapata obiriwira, chala chachikulu chopanda chikhadabo. Kunamveka mphepo, ndi munthu akutsokomola. Kenako mawu a bambo, okhuthala, oseka: "Tayamba kodi? Ndiime apa?" Basi. Chithunzi chinauma pamapazi paja.

Mayi Otilia anaika dzanja pakamwa. Sanalire mokweza. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

"Musadandaule, mayi," ndinatero mofulumira, mawu anga akundinyansa ndekha. "Mapu tawapeza. Tiyeni tione."

A Geresomo anali ndi manambala m'foni mwawo. Lolemba komiti inawatuma kukaima pakati pa chimanga cha mayi Otilia n'kulemba malowo ndi GPS ya m'foni, komanso kuyenda m'mphepete mwa mtsinje mmene ukudutsa lero. Ndinatsegula mapu a 147 ndi 148 pamodzi, timinda tiwiri togundana, n'kulowetsa manambala awo aja. Pa sikirini panabwera kadontho kofiira ndi kamzere ka buluu.

Kadontho ka chimanga kanagwera pakatikati pa 148.

Kamzere ka mtsinje kanadutsa pamalire a madimba awiriwa. Dimba 147 lonse, kuyambira ngodya mpaka ngodya, linali mbali ya madzi. Ruo anasuntha n'kulimeza.

Ndinayang'ana manambala kachiwiri, kachitatu, kufuna kuti ndikhale ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Ndikanakhala ndekha, Mulungu andikhululukire, mwina ndikanatseka laputopu n'kunena kuti mapu nawonso aonongeka. Koma a Geresomo anali atasuzumira kale paphewa langa, mpweya wawo uli m'khosi mwanga.

"Aaa! Ndiye kuti a Gilbert akunena zoona," anatero. Ndisanatembenuke n'komwe ndinamva foni yawo ikujambula sikirini.

"Chikuti chiyani?" anafunsa mayi Otilia.

Ndinawauza. Ndinawaonetsa ndi chala, apa ndi panu, apa ndi madzi, apa m'pamene mwalima. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Zimenezo ndikuzidziwa, mwanangu," anatero motsitsa. "Ndani ku Makhanga sakudziwa kuti Ruo wasuntha? Amasuntha kuyambira kale. Amadya uku n'kulavula uko. N'chifukwa chake ife a m'mphepete dimba sitiliyeza ndi mitengo kapena miyala. Timaima pamadzi n'kuwerenga mapazi kupita kumtunda. Lathu ndi mapazi makumi asanu ndi limodzi. Madzi akabwera, wa kumtsinje amakhalabe wa kumtsinje, a kumbuyo amasendera, aliyense n'kuchepekedwa pang'ono kuti wina asafe ndi njala. Madzi akathawa, a kumbuyo nawonso amatsikira, amapindula. A Gilbert anapindulapo kawiri ine ndikuona."

Ndinasiya laputopu n'kuwayang'ana.

"Tsiku lojambula lija," anapitiriza, "mtsikana wa kamera anafunsa kuti nanga madzi akadzadya dimbali mudzatani. Bambo ake a Rosa anafotokoza zimenezi. Ndiye anatembenukira kwa a Gilbert, nati, si choncho achimwene? A Gilbert anati ndi choncho, wa kumtsinje ndi Augustine, madzi apite kumene apite. Anagwirana chanza. Lero akuti sananenepo. Mboni zina zinali ziwiri, wina anamwalira m'madzi omwewa, wina anabwerera kwawo ku Mozambique. Ndimati mukawatulutsire mawu awo, akadzimve okha."

Ndinatembenukira kwa a Geresomo. "Inu mwambo umenewu mukuudziwa?"

"Kuudziwa ndikuudziwa, madamu. Koma tsiku limenelo ine kunalibe. Ndipo komiti inanena kuti mwambo wopanda umboni ndi nkhambakamwa. Pamene pali mapu, atsata mapu." Anatambasula dzanja, m'manja muli fulashi. "Mundiikire onse, athandiza anthu ambiri."

Mphindi makumi awiri ndi zisanu. Disiki ija inandipatsa mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndi zina pang'ono. Kanema mmodzi, mwina akanalowa yense, mwina theka, koma theka lomwelo likanafika pamene anthu akugwirana chanza. Mayi anandiuza kawiri. Kachitatu ndinawakalipira. Tsiku lonse ndinakhala ndikunyansidwa ndi munthu amene anawamba seva osafunsa, pamene ine, wa satifiketi yopachika pakhoma, ndinachita chimodzimodzi. Iye chake chinali chikhulupiriro choti moto umaumitsa. Changa chinali choti mapu sanama.

Mapu ndinawaika pa fulashi. Ndikanakaniza bwanji? Anali a anthu mazana atatu, ndipo chithunzi chinali kale m'foni. Kachidutswa ka kanema kaja ndinakaikanso, ngakhale sikanena kanthu.

"Mayi, pepani," ndinatero. Mawu amenewa sindiwatchula kawirikawiri, anatuluka mokhota. "Ndikanakumverani."

Analoza disiki ija, ili patebulo pakati pa thonje lakuda.

"Mawuwo akadali mmenemo?"

"Mwina ena alimo. Koma timbale takandika. Kunja kuli malo amene amatsegula m'zipinda zopanda fumbi, koma si za mkuja, ndipo kwa iyi sindikulonjeza."

"Koma alimo."

"Alimo, mayi."

Anadzuka, namasula kansalu kamene anamanga m'chiuno pamwamba pa chitenje. Anainyamula disiki ija ndi manja awiri, mafuta ake, fungo lake, osanyansidwa ngakhale pang'ono, n'kuikulunga bwinobwino, n'kumanga mfundo.

"Lachisanu ndikawaika patebulo, pamaso pa a Gilbert," anatero. "Akawakane ali pomwepo."

Anatuluka. A Geresomo anatola bokosi lawo lopanda kanthu, nafunsanso za bolodi ya mlamu wawo. Bolodiyo inali itapita ndi mayi aja, ndiye ndinangowaponyera disiki ya mafilimu ija, n'kuwauza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Ndinakolopa tebulo katatu ndi jiki. Fungo linakhala sabata.

Loweruka m'mawa foni inalira. A Geresomo, mawu odzaza chimwemwe.

"Madamu, komiti yakuyamikani kwambiri! Akuti ntchito ya ukatswiri. Mlandu sunatenge ndi ola lomwe. Ndinaonetsa mapu, basi, nkhani yatha."

"Nanga mayi Otilia?"

"Aa, iwo aja anaika kachitsulo kaja patebulo, n'kumayankhula nako. Anthu anaseka, ena anamva chisoni. A Gilbert anangoyang'ana kumbali. Koma ndi munthu wabwino, anati nyemba ndi maungu mayiwo akhoza kukolola."

Ndinadula foni.

Patatha masabata asanu, wakabaza wina anaima pakhomo pa shopu n'kutsitsa thumba. Ndinati walakwitsa nyumba. Anati ayi, ndi pano, kwa a Ireen okonza makompyuta, lachokera padoko, atumiza ndi a Gilbert a ku Makhanga, akuti takhuta kwambiri. Ndisanafunse zambiri anali atapalasa kale.

Ndinamasula. Chinali chimanga chachiwisi, chothyoledwa m'mawa womwewo, makoko akadali ndi mame. Ndinasenda chimodzi. Njere zinali zodzaza mpaka kunsonga, mizere yowongoka, popanda ndi mbozi yomwe. Mayi aja amadziwa kulima.